Lubani pa Malaya a Filipo

Azakhali anga, a Estele, amagulitsa zinanazi pa Chinakanaka, cha pamene maminibasi a ku Limbe amaima. Akakuonani mukutobwanya chinanazi ndi chala kuti mudziwe ngati chapsa, amangokulandani osanena kanthu, n'kupatsa amene waima kumbuyo kwanu. Ndi alongo awo a bambo anga, aakulu. Chichokereni amuna awo, a Filipo, sanakwatiwenso, ndipo aliyense wa imvi pa Chinakanaka amadziwa chimene chinathetsa banjalo, kungoti palibe angakuuzeni eni ake ali pafupi.

Ine ndinabwerako ku Dublin chaka chatha, kumene ndinkasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake, ndipo ndinapeza kampeni ili mkati. Pakhomo pa bambo anga ku Boma pankanditopetsa. Ndinkangokwera kabaza osadziwa kolowera, ndipo kawirikawiri ndinkathera pabenchi la azakhali. Tsiku lina panadutsa lole ya chimkuzamawu, mnyamata ali pamwamba akukuwa kuti ufulu tikudyawu anaubweretsa ndi anthu olimba mtima a konkuno, monga a Filipo a ku Likhubula ndi malemu mayi Mwanaisha.

Azakhali ankasenda chinanazi. Mpeni unaima.

"Wamva? Amawatchulabe limodzi," anatero. "Mayiyo anafa kalekale, koma dzina lake likadali pambali pa la mwamuna wanga. Ine amene ndinamuberekera ana, palibe lole inanditchulapo."

"Koma azakhali, si munasiyana ine ndisanabadwe?"

"Ndiye? Iwe mzungu wanga, ku Ayalandi kwanuko mukasiyana ndi munthu mumangomupereka kwa aliyense wodutsa?"

Nkhaniyi ndinaitolera pang'onopang'ono, ina kwa iwo, ina kwa bambo anga, ina kwa a Filipo eni ake.

Azakhali anabadwira m'mudzi wa kuseri kwa msika, m'banja la Alhomwe. Sukulu anailekeza msanga n'kukalowa ntchito yothyola tiyi pa esiteti, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno. Amati anali ndi manja othamanga ndiponso pakamwa pothamanga, moti akapitawo ankawaika kumapeto kwa mzere kuti asasokoneze anzawo ndi nkhani. A Filipo anali a cha ku Muloza, kumalire, munthu wamtali wosayankhulayankhula. Anadzakwatira chikamwini, namanga nyumba ya zidina pamalo pa apongozi awo. Kunabadwa Rosie, kenako Kondi. Ntchito ya pa esiteti a Filipo anaisiya n'kuyamba kunyamulira alendo katundu wokwera naye phiri kuchokera pa Likhubula, ndipo Chingerezi chawo anachiphunzira komweko, chikwama cha mzungu chili pamutu.

Nkhoswe ya azakhali anali malume awo, a Robson. Anali munthu wa nthabwala, wokonda kachasu pang'ono, ndipo mwana wa mlongo wawoyu ankamukonda kuposa ana awo. Azakhali nawo ankawauza chilichonse. Koma a Robson omwewo anali tcheyamani wa nthambi ya chipani, m'masiku amene chipani chinali chimodzi chokha. Anali ndi jekete lakuda la baji pachifuwa, ndipo pambuyo pawo pankayenda ayufi, anyamata a malaya ofiira amene ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi.

Chaka cha 1992 chinali chowawa. Mvula inakana. Pa maesiteti panabuka sitalaka, ndipo amuna ena anatengedwa osabwerera. Amene anali ndi wayilesi zogwira kunja ankanong'oneza anzawo kuti mayiko a azungu aimitsa thandizo mpaka boma lisiye kutsekera anthu popanda mlandu. Mkati mwa zonsezo kunalengezedwa chisankho cha aphungu. Opikisana onse anali a chipani chomwecho, koma boma linkafuna mizere italiitali yoti alendo akunja aione, ndipo m'midzi munkayenda kamphepo kakuti anthu asakavote. A Robson anaitanidwa ku Boma n'kuuzidwa zinthu ziwiri: mzere ukadzafupika pasukulu ya kwawo adzafotokoza okha, komanso apeze munthu amene akuuza azungu za kuno, poti mayina a amuna otengedwa pa esiteti anali atamveka pa wayilesi ya kunja.

Azakhali zonsezo sizinkawakhudza. Chimene chinkawasowetsa tulo chinali fungo.

Tsiku lililonse loti mawa lake kuli ulendo wa kuphiri, a Filipo ankasamba masana, n'kunena kuti akukagula shuga ndi mabatire a tochi. Pobwera, malaya awo ankanunkhira lubani. Pa Chinakanaka panali nyumba imodzi yokha imene lubani sankazima, tiyirumu ya Mwanaisha, mayi wachisilamu wamasiye, woyera khungu, wa chipini pamphuno. Azakhali anabisala kuseri kwa chigayo n'kudzionera okha amuna awo akulowera khomo la kuseri, chitseko n'kutsekedwa.

"Mawa lake ndinapita kukagula mandasi ake," anandiuza. "Ndinkafuna ndione kuti ali ndi chiyani chimene ine ndilibe."

"Munapeza chiyani?"

"Mandasiwo anali okoma, iwe. Ofewa, onunkhira. Ndinadya awiri ndikulira, lachitatu ndinaponyera galu."

Anayamba kumuphunzira mayiyo ngati mayeso: kamangidwe ka mpango, kayendedwe, kasekedwe kobisa mano. Anagula mafuta odzola a ku Milange. Anayesa kuyankhula motsitsa mawu, mpaka Rosie anafunsa ngati amayi akudwala pakhosi. A Filipo sanaone chilichonse. Tsiku lina azakhali analephera kupirira.

"Bambo a Rosie, kwa Mwanaisha mumakatani?"

"Kumwa tiyi."

"Tiyi amamwera kuchipinda? Ine ndizithyola tiyi tsiku lonse mpaka zala kung'ambika, inu muzikamwera kwa wina mutatseka chitseko?"

A Filipo anati, "Amake Rosie, zisiyeni. Chisankho chikadutsa ndidzakuuzani zonse."

Chimene chinkachitika kuchipindako n'chakuti akazi a amuna otengedwa aja ankabwera kwa Mwanaisha ngati odzagula ufa, n'kumafotokoza tsiku limene mwamuna anatengedwa, ndi ndani, ndi kumene amuonako. A Filipo ankangomvetsera. Mawa lake ankakwera phiri ndi alendo, ena mwa iwo ogwira ntchito m'maofesi a akazembe a mayiko akunja, amene ankabwera kudzapuma kumapeto kwa sabata. Pamwamba paja, kumene kulibe wayufi angafike osakomoka, a Filipo ankatsitsa katundu n'kuyamba kuyankhula. M'chipinda chomwecho ndi mmenenso ankapangana za kuuza anthu kuti tsiku lovota akhale pakhomo. Zikanadziwika, onse awiri akanapita kumene anapita amuna a pa esiteti aja.

Azakhali sankadziwa zimenezi. Anachita chimene mkazi aliyense wolongosoka wa kwathu akanachita, sanakamenyane ndi Mwanaisha pamsika, anapita kwa nkhoswe. Ku Dublin ndinaona anthu apabanja akupita kukadandaula kwa mlendo wa mu ofesi amene sadziwa ngakhale dzina la amayi awo, ndipo ndinkaseka. Pano sindiseka kwambiri. Azakhali anagwada pakhonde pa a Robson n'kukhuthula zonse: lubani, khomo la kuseri, azimayi olowa ndi kutuluka amene iwo ankayesa akazembe a chibwenzicho. Ndipo pofuna kuonetsa mwano wa amuna awo anawonjezera kuti, "Ndiye akuti adzandiuza chisankho chikadutsa. Amalume, chisankho chikukhudzana bwanji ndi chigololo?"

A Robson akuti anasiya kuseka pomwepo.

Nkhani ya banja amakamba ankhoswe awiri ndi eni banja, mwakachetechete. Koma Loweruka limenelo mmawa, chisankho chitayandikira, a Robson anafika pakhomo pa azakhali, pansi pa mtengo wa mapeyala, atavala jekete lija, ndi ayufi awiri amene anati angowanyamulira mipando. Anyamatawo atatsitsa mipando sanachoke. Mwanaisha anali ataitanidwa. Ku mbali ya a Filipo kunabwera akulu awo, a Evance, amene ataona malaya ofiira anayamba kutuluka thukuta kusanatenthe. Anthu a m'mudzi anadzaza m'mbali mwa mpanda ngati akudutsa.

Azakhali anayala dandaulo lawo, ndipo amati analiyala bwino. Kenako a Robson anatembenukira kwa a Filipo.

"Akamwini, ine lero ndakhala pano ngati nkhoswe. Koma mukuona nokha kuti jeketeli lakana kuvulika. Masiku ano mwamuna akatseka chitseko m'nyumba ya eni, pali zinthu ziwiri. China timathetsa pompano ndi mbuzi. Chinacho si changa, n'cha ku Boma. Ndiye tandiuzani, kwa mayiwa mumakachita chiti?"

A Filipo anayang'ana ayufi aja, anayang'ana Mwanaisha, koma akazi awo sanawayang'ane.

"Ndinachimwa, amalume. Mayiwa ndi chibwenzi changa."

Azakhali amati pamenepo nthaka inapendekeka. Iwo anabwera kuti amuna awo akane. Ankafuna akane, iwo akalipe, ankhoswe adzudzule, madzulo aphike nkhuku nkhani ithe. Sanakonzekere kuvomera.

A Robson sanakhutire. "Nanga azimayi amene amalowa khomo lomwelo? Nawonso ndi zibwenzi zanu? Mphamvu zake mumazitenga kuphiri?"

Anthu anaseka, koma ayufi sanaseke. Apa Mwanaisha, amene anali atakhala pamphasa, anakonza mpango wake n'kuyankhula mosathamanga.

"A tcheyamani, azimayi amabwera kudzagula ufa, ndipo akamuona bamboyu amathawa ndi manyazi. Ngati mukukayika, afunseni mayi a kunyumbawa. Amuna awo ali ndi chipsera pantchafu ya kumanzere, chachitali chonchi, chokhota kumapeto ngati chikwakwa. Ndikunama, asisi?"

Kunja kwa mpanda kunamveka mfuu. Mayi wina analiza nthungululu. Ayufi aja anagwirana mapewa ndi kuseka, ndipo a Robson nawo anaseka mpaka kupukuta misozi. Bambo anga amakhulupirira mpaka lero kuti a Robson anadziwa zoona zake, koma anasankha mlandu umene ukanathera pansi pa mtengo. Ine sindikudziwa. Za chipseracho ndinawafunsa a Filipo, ndipo anandiyang'ana modabwa. Anati anagwa pathanthwe ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse wa kuphiri ankavala kabudula, moti chipseracho ankachidziwa ngakhale ana a sukulu. Nditawauza azakhali yankho limenelo anati, "Kabudula amaonetsa kuti chakhota kumapeto? Iwe usandipusitse."

Phokoso litatsika, a Robson anagamula kuti a Filipo apereke mbuzi, alonjeze kuti kwa Mwanaisha sadzapondakonso, banja lipitirire. A Evance anavomera asanamalize n'komwe kumva. Kunangotsala kufunsa mwini dandaulo, mwa mwambo chabe.

"Estele, mwana wa mlongo wanga, wamva. Mbuzi ikubwera. Ukuti bwanji?"

Azakhali sankayang'ana malume awo. Ankayang'ana Mwanaisha, amene anali atawatchula kuti asisi pamaso pa mudzi wonse.

"Anyamule bulangeti lake," anatero.

"Iwe, taganiza bwino. Ana awa?"

"Ana ndi anga, nyumba ili pamalo pa amayi anga. Anyamule bulangeti lake akafunde ndi a chikwakwawo."

A Filipo akanatha kuwakokera pambali n'kuwanong'oneza mawu awiri okha. Koma ayufi anali pomwepo, ndipo a Robson ankawayang'anitsitsa. A Filipo analowa m'nyumba, natuluka ndi bulangeti, nsapato zokwerera phiri ndi tochi. Kondi anawathamangira mpaka pamsewu, agogo ake n'kukamubweza. A Filipo anakapeza kachipinda ku Likhubula. Mwanaisha naye sizinamuyendere. Azimayi anasiya kugula mandasi ake, amuna awo analetsedwa kumwa tiyi kumeneko, ndipo kumzikiti anthu ankasuntha iye akakhala. Miyezi ingapo itadutsa anatseka tiyirumu n'kupita kwa abale ake ku Limbe.

Tsiku lovota mzere pasukulu unali waufupi ndithu. Azakhali anali oyamba kufika, atavala nsalu ya chipani, mutu uli m'mwamba. Amati sakumbukira kuti anavotera ndani. Ankangofuna kuti anthu awaone kuti sakulira.

Kenako zinthu zinatembenuka mofulumira. Kunabwera referendamu, zipani zinachuluka, ayufi anavula malaya ofiira, thandizo lakunja linayambiranso. Mu 1994, pa kampeni ya chisankho choyamba cha zipani zambiri, panachitika msonkhano pabwalo la mpira pa Chinakanaka. Azakhali anapita kukagulitsa nthochi. Munthu wina amene ankafuna uphungu anaimirira pa lole n'kunena kuti lero aulula chinsinsi. Anaitana a Filipo. Anaitana Mwanaisha, amene anali atamutenga ku Limbe pa galimoto. Anafotokoza zonse, za azimayi ogula ufa, za phiri, za akazembe, za mlandu wa pansi pa mtengo wa mapeyala. Anagwira dzanja la uyu ndi la uyu n'kuwakweza m'mwamba, bwalo lonse likuwomba m'manja.

Azimayi anathamangira azakhali n'kuwakumbatira. "Estele, mwamuna wako sanachimwe! Wamva? Sanachimwe!"

"Ndinamva," anandiuza azakhali. "Koma ine ndinkayang'ana pa lole. Atatsitsa manja, awiriwo anayang'anana n'kuseka. Kuseka kwa anthu amene anaopa limodzi. Ine ndinakhala naye zaka zonse zija, ndinamuchapira, ndinamuthira madzi otentha m'mapazi akatsika phiri, koma sanandisekerepo choncho. Chigololo ndikanakhululuka, mwana wanga, anzanga onse anakhululuka. Koma uyu anatenga moyo wake n'kukausungitsa kwa mkazi wina, ine n'kumandipatsa malaya oti ndichape."

Sabata yotsatira ankhoswe anabweranso. A Robson anali atavala malaya wamba, ataonda, akuyenda ngati mlendo m'mudzi mwawo momwe. A Evance anakoka mbuzi yaikazi yonenepa. A Filipo anali atameta, atavala buluku lalitali. Mudzi wonse unkadziwa kuti lero mkamwini akubwerera, ndipo amayi awo a azakhali anali atatsekera kale nkhuku m'khitchini.

A Robson anayamba ndi kupepesa, a Evance anapitiriza, ndipo onse anagwirizana kuti panalibe wolakwa, inali nthawi chabe. Azakhali anadikira mpaka amalize.

"Ndili ndi funso limodzi kwa bambo a Rosie. Mundiyankhe inuyo, osati ankhoswe."

"Funsani."

"Simunandiuze chifukwa chiyani? Munkaganiza kuti ndikawauza amalumewa?"

A Evance anatsokomola, n'kuwaponda achimwene awo phazi poyera. Yankho linali losavuta. Akanati ankawateteza, akanati sankafuna kuti ana atsale opanda mayi, ndipo aliyense akanavomereza. Koma a Filipo anali atanama kamodzi pansi pa mtengo womwewo, ndipo anandiuza kuti sakanathanso.

"Eya," anatero. "Mukanawauza. Osati mwa nkhanza. Koma inu amake Rosie munkawauza amalume chilichonse, ngakhale nkhuku ikaikira dzira."

A Robson anagwira kumutu.

"Ndiye Mwanaisha ndi amene anali ndi chifuwa," anatero azakhali.

"Anali nacho."

Azakhali anaimirira, nakutumula chitenje chawo.

"A Evance, mbuzi yanu ikudya maluwa anga. Itengeni. Amayi, nkhuku ija itsegulireni."

Umu ndi mmene zinathera. A Filipo anabwerera ku Likhubula. Ana ankapita kukawaona, ndipo sukulu anawalipirira mpaka Rosie anakhala namwino. Azakhali anasiya ntchito ya pa esiteti msana utayamba kuvuta, n'kuyamba geni. Amuna anabwera angapo, wina mphunzitsi wa njinga yamoto, koma onse anabwezedwa. Mwanaisha atamwalira ku Limbe, azakhali sanapite kumaliro, koma anatuma munthu kuti akaone ngati a Filipo analira, ndipo atamva kuti analira sanatsegule geni sabata yonse. Pa chisankho chilichonse amavota, ndipo amayamba afufuza kuti a Filipo akukonda chipani chiti kuti iwo avotere china.

A Filipo ndinakawapeza ku Likhubula mwezi watha. Mawondo anatha, phiri amangoliyang'ana. Amasema ndodo zogulitsa kwa alendo okwera, atakhala pakhonde la kanyumba ka chipinda chimodzi. Ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pobwerera ndinkawachitira kaduka, nkhalamba yosauka chonchija. Ine ndale ndimazichitira pa foni, ndipo palibe chimene zinandilandapo. Nditawatsazika anafunsa ngati azakhali akadali okwiya. Ndinati sindikudziwa.

Nditafika pa Chinakanaka azakhali anali akulongedza. Sanandiyang'ane.

"Wamupeza?"

"Ndawapeza."

"Akukhala ndi ndani?"

"Okha, azakhali."

"Amamuphikira ndani?"

"Amaphika okha. Ndaona kapoto kamodzi ndi mbale imodzi."

"Mbale amabisa. Pachingwe unayang'ana? Panalibe chitenje?"

"Panali malaya awiri ndi thawulo."

Anamanga thumba lawo, nalikweza pamutu, n'kuima pang'ono akuyang'ana msewu wa ku Likhubula.

"Upitenso Loweruka," anatero. "Koma usamuuze kuti ukubwera."